Mbatatesi yoletsedwa kuphukira si mbewu: chenjezo kwa alimi ndi amalonda a ku Chigwirizano

Pa msika wa Chigwirizano, monganso m'misika ya ku Mgona, Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25, mulu umodzi wa mbatatesi umakumanitsa anthu awiri amene zofuna zawo n'zosemphana. Woyamba ndi wokazinga tchipisi pachiwaya, kapena mayi wogulira banja lake ndiwo: iye amafuna mbatatesi yolimba, yosalala, yopanda mphukira ngakhale imodzi. Wachiwiri ndi mlimi wa kudimba, amene amadikira kuti zikuluzikulu zithe kaye, kenako n'kutola zing'onozing'ono zotsalira pansi pa thumba pa mtengo wotsika kuti akabzale. Tsogolo la munda wa mlimiyu lili pa mphukira yomweyo imene mnzake uja akuikana.

Umu ndi mmene alimi ambiri a mbatatesi m'dziko muno amapezera mbewu: yosunga okha, yogawiridwa ndi anansi, kapena yotola pa msika wa mbatatesi yodya. Alangizi a zaulimi akhala akuchenjeza kwa nthawi yaitali kuti njirayi imafalitsa matenda, makamaka aja onyalitsa mbewu m'munda komanso a mavairasi amene amachepetsa zokolola chaka ndi chaka. Koma pali chiopsezo china chimene sichikambidwa kawirikawiri, chomwe chidzakula pamene malonda a mbatatesi akukula. Chiopsezochi ndi mankhwala amene osunga mbatatesi yodya amathira kuti isaphukire.

Mbatatesi yambiri imene imadyedwa mu mzinda wa Lilongwe imachokera kumapiri a ku Dedza ndi Ntcheu, kudzera m'misika ya Bembeke, Chimbiya, Lizulu ndi Tsangano. Ina imachokera ku Mchinji, Dowa ndi Ntchisi, ndipo ina imadutsa malire kuchokera ku Angonia m'dziko la Mozambique. Yambiri mwa iyo imakumbidwa lero, mawa ili pa lole, mkuja ili pachiwaya, moti sikhala ndi nthawi yogona m'nkhokwe. Chimenechi ndicho chakhala chikuteteza mlimi wotola mbewu pa msika. Komabe aliyense wochita malondawa akudziwa kuti mtengo umagwa m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, mbatatesi ya dzinja ikasefukira, n'kudzakweranso ikayamba kusowa. Wamalonda wowerengera bwino amafuna kugula nthawi ya mtengo wotsika n'kusunga, ndipo chimene chimamulepheretsa ndi mphukira. Mahotela, masitolo akuluakulu ndi makampani okonza zakudya nawonso amafuna mbatatesi yooneka mofanana chaka chonse, ina yake yochokera kunja. Pamene pali kusunga kwa miyezi yambiri, mankhwala oletsa kuphukira sakhala patali.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kukumbukira kuti mbatatesi si njere ngati chimanga. Ndi chinthu chamoyo, chodzaza madzi, chimene chimapuma ngakhale chili m'thumba. Ikangokumbidwa imayamba yagona tulo tachilengedwe kwa miyezi iwiri kapena itatu, kutengera mtundu wake ndi kutentha kwa malo osungira. Tulo timeneti tikatha, maso ake amadzuka n'kutulutsa mphukira. Mphukirazo zimayamwa madzi ndi chakudya cha m'kati, mbatatesi n'kuyamba kufota, kupepuka ndi kuchita makwinya. Kwa wamalonda wogulitsa pa sikelo, imeneyo ndi ndalama ikutha m'manja. Kwa mlimi, chimenecho ndicho chizindikiro chakuti mbewu yakonzeka.

Wina angafunse kuti bwanji osangoiika pamalo ozizira. Kuzizira kwa madigiri 3 kapena 4 kumagonekadi mbatatesi kwa nthawi yaitali, ndipo umu ndi mmene mbewu imasungidwira m'mayiko amene ali ndi nkhokwe zoziziritsa. Vuto ndi lakuti pa kuzizira kotereku sitachi wa m'mbatatesi amasanduka shuga, ndipo shugayo akakumana ndi mafuta otentha, tchipisi chimada n'kumawawirira. Choncho mbatatesi yokazinga imasungidwa pa madigiri a pakati pa 7 ndi 10, pamene shuga sachuluka koma mphukira zimatha kutuluka. Mpata umenewu ndiwo unatsekedwa ndi mankhwala.

Otchuka koposa ndi chlorpropham, amene amadziwika kwambiri ndi dzina lachidule lakuti CIPC. Mankhwalawa anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1950, ndipo ndi amodzi mwa mankhwala amenenso amapha udzu usanamere. M'nkhokwe amawalowetsa ngati nkhungu kudzera m'makina opemerera mphepo, kapena kuwaza ngati ufa, kapena kupopera pa mbatatesi ikamaikidwa m'mapaketi. Ntchito yake ndi imodzi: kuletsa maselo a pa diso la mbatatesi kugawikana. Popanda kugawikana kwa maselo palibe mphukira, palibe muzu, palibe tsinde. N'chifukwa chake malangizo a pa botolo la mankhwalawa amaletsa kuwathira pa mbewu, ngakhalenso kusunga mbewu m'nyumba imene athiridwamo.

Ena ndi maleic hydrazide, omwe njira yake ndi yobisika kwambiri. Awa sathiridwa m'nkhokwe. Amapoperedwa pa masamba mbatatesi ikadali m'munda, kutatsala milungu ingapo kuti ikhwime, ndipo amatsika ndi chakudya cha mbewuyo mpaka kukakhazikika m'kati mwa mbatatesi iliyonse. Amagwiritsidwanso ntchito pa anyezi. Mbatatesi yotere siioneka ufa pakhungu, siimveka fungo, ndipo kuitsuka n'kutaya madzi chabe, pakuti mankhwalawo ali mu mnofu. Ngakhale CIPC amene amakhala pakhungu satha ndi kutsuka kokha, chifukwa amakanirira m'khungu ndi m'maenje a maso.

Mlimi akabzala mbatatesi yotereyi, munda sumuuza msanga. Mbewu yabwino yophukira kale imatuluka pamtunda pakatha milungu iwiri kapena itatu. Yothiridwa mankhwala imachedwa, ina imatuluka patapita mwezi kapena kuposera, ina siituluka n'komwe. Akafukula phando amapeza mbatatesi ili gwa ngati mmene anaibzalira, kapena yaola, kapena pa diso pali timphukira tambirimbiri tofupika, totupa, tothithikana pamodzi osatalika. Nthawi zina mphukira imalephera kuboola khungu n'kukulira cham'kati. Zomera zimene zapulumuka zimakhala za misinkhu yosiyana, za matsinde ochepa ndi ofooka. Mizere ikakhala ya mipata chotere, masamba sakumana kuti aphimbe nthaka, udzu umapeza danga, chinyezi chimathawa, ndipo pokolola zina zimakhala zitakhwima zina zikadali zanthete.

Kutayika kwake kuwerengedwe bwino, pakuti pa ulimi wa mbatatesi mbewu ndiyo imadya gawo lalikulu la mpamba. Pobzala motalikanitsa mizere masentimita 75 ndi mapando masentimita 30, hekitala imodzi imakhala ndi mapando oposa 44,000, ndipo imafuna mbewu yokwana pafupifupi matani awiri. Pa ekala imodzi ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 800, omwe ndi matumba 16 a makilogalamu 50. Ngakhale mlimi wa kadimba ka gawo limodzi mwa magawo anayi a ekala amafunika matumba anayi. Tiyerekeze kuti mapando atatu pa khumi alionse sanamere: mlimiyo wataya kale thumba lathunthu ndi kachidutswa, koma feteleza anathira munda wonse, aganyu analima munda wonse, ndipo madzi a pampu kapena a khekheni anathirira mizere yonse. Choipitsitsa ndi nthawi. Dera la Lilongwe ndi lotentherapo kusiyana ndi mapiri a Dedza, choncho mbatatesi ya kudimba imadalira miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi. Mlimi amene wazindikira vuto patatha mwezi, akabwereza kubzala, mbewu yake imakakumana ndi kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala, nyengo imene mbatatesi siibereka bwino. Chimanga chikalephera kumera munthu amapakiza sabata yomweyo ndi njere za m'thumba la malaya. Mbatatesi ilibe chifundo chotero.

Ndipo kawirikawiri mlimi wotere saloza chala pa mbewu. Amati nthaka yatha mphamvu, kapena feteleza anali wachinyengo, kapena mbewa ndi nkhululu zafukula. Chaka chotsatira amabwerera pa mulu womwewo.

Zimene zinachitika ku Ulaya zikuonetsa kukanirira kwa mankhwalawa. Mu Juni 2019 bungwe la European Union linagamula kuti silidzawonjezeranso chilolezo cha chlorpropham, potsatira nkhawa za akatswiri pa umoyo wa ogula, makamaka pa chinthu chotchedwa 3-chloroaniline chimene chimapangika mankhwalawa akamasungunuka. Tsiku lomaliza kuwagwiritsa ntchito linali 8 Okutobala 2020. Komatu kuletsa sikunathetse nkhani. Kunapezeka kuti m'nkhokwe zimene zinathiridwa kwa zaka zambiri, mankhwalawa analowerera mu simenti ya pansi, m'makoma, m'mabokosi a matabwa ndi m'njira za mphepo, ndipo ankatulukabe pang'onopang'ono n'kukhala pa mbatatesi yatsopano imene sinathiridwe konse. Akuluakulu anakakamizika kuika mlingo wongoyembekezera wa mamiligalamu 0.4 pa kilogalamu, kutsika kuchoka pa mamiligalamu 10 amene ankaloledwa kale, kuti eni nkhokwe apeze nthawi yoyeretsa nyumba zawo. Mayiko ena, monga United States, Canada ndi India, akugwiritsabe ntchito mankhwalawa, choncho kuletsedwa kwake ku Ulaya sikutanthauza kuti achoka pa msika wa dziko lonse.

Phunziro la ku Malawi kuno lili pa matumba. Thumba kuno silitayidwa. Limene labwera ndi mbatatesi ya m'sitolo lero, mawa lanyamula anyezi, mkuja lili kumudzi mlimi wathiramo mbewu yake. Chimodzimodzi malona, makireti, chipinda cha lendi kuseri kwa msika ndi pansi pa lole. Ngati simenti ingathe kusunga mankhwala kwa zaka, thumba la chiguduli ndi bokosi la matabwa sizingadaliridwe. Ndipo mbewu imaonongeka ndi mlingo wochepa kwambiri kuposa umene umafunika pogoneka mbatatesi yodya kwa miyezi: kuti munda usokonekere sikufunika kuti diso life, kungochedwa kudzuka n'kokwanira.

Si mankhwala onse oletsa kuphukira amene amapha mbewu kotheratu, ndipo pamenepa m'pamene alimi ena angasokonezeke. Ku Ulaya m'malo mwa CIPC munalowa mpweya wa ethylene, mafuta a timbewu tonunkhira ta spearmint, mafuta a makoko a malalanje, ndi mankhwala otchedwa 1,4-DMN, omwe amafanana ndi chinthu chimene mbatatesi imatulutsa yokha ikamagona. Ambiri mwa awa amauluka, ndipo mphamvu yake imatha mbatatesi ikatulutsidwa pa mphepo. Ena mpaka amagwiritsidwa ntchito dala pa mbewu m'mayiko ena, mwachitsanzo ethylene pofuna kuti maso ambiri adzuke nthawi imodzi. Nzeruyi si yachilendo kwenikweni: alimi a kumapiri a Andes ku Peru, kwawo kwa mbatatesi, akhala akuyala masamba onunkhira a chomera chotchedwa muña pakati pa mbatatesi yosunga kuyambira kalekale. Koma kugwiritsa ntchito zimenezi pa mbewu kumafuna mlingo woyezedwa, nkhokwe yotsekeka bwino, ndi masiku owerengedwa pakati pa kuthira ndi kubzala. Mlimi woima pa msika alibe njira yodziwira kuti mulu uli patsogolo pake unathiridwa ati, liti, ochuluka bwanji.

Palinso mankhwala ena amene sanapangidwire kuletsa mphukira koma amachita zofanana, ndipo awa ndiye ali kale m'manja mwa alimi ambiri m'dziko muno: ophera udzu a glyphosate. Akaulukira ndi mphepo kuchokera m'munda woyandikana, kapena akatsalira m'sipuleya imene sinatsukidwe bwino, amalowa m'masamba a mbatatesi n'kutsikira pansi. Munda wa chaka chimenecho ungaoneke bwinobwino, koma mbewu yochokera mmenemo imamera mochedwa, mwa apo ndi apo, ndi mphukira zopunduka. M'madimba momwe minda imagundana malire ndiponso sipuleya imodzi imabwerekedwa mudzi wonse, amene akufuna kusunga mbewu ayenera kuisamala nkhaniyi kuposa ina iliyonse.

Nanga mlimi angazindikire bwanji? Kunena mosabisa, ndi maso okha sangathe kutsimikiza. Mbatatesi yongokumbidwa kumene nayonso siiphukira, chifukwa ili m'tulo take tachilengedwe, ndipo kusaphukira kokha si umboni wa mankhwala. Pali zizindikiro zothandiza. Yatsopano imakhala ndi dothi lachinyezi ndipo nthawi zambiri khungu limasupuka likakhudzidwa ndi chala. Yokayikitsa ndi imene ikuoneka kuti yakhalitsa, khungu lake lokhwima, yayamba kufewa pang'ono, koma maso ake onse ali tsekeretu ngakhale kunja kukutentha. Yotsukidwa bwino, yofanana misinkhu, ya m'mapaketi a m'sitolo, iyeneranso kuonedwa ngati chakudya basi. Koma lamulo losalephera ndi limodzi: mbatatesi isalowe m'nthaka isanaonetse mphukira. Mbewu yoyenera imakhala ya msinkhu wa dzira la nkhuku, ya mphukira zingapo zazifupi, zonenepa, zobiriwira kapena zofiirira, zotalika sentimita imodzi kapena awiri. Izi zikutanthauza kugula mbewu kudakali milungu ingapo nthawi yobzala isanafike, kuiyala pamthunzi powala, n'kuona yokha ikudzuka. Mlimi wochita zimenezi amadziteteza ku mankhwala ndi ku tulo tachilengedwe nthawi imodzi. Amene amagula lero n'kubzala mawa ndiye amagwa m'mbuna.

Mbewu ili ndi njira yake yosungira yosafuna mankhwala oletsa kuphukira kapena magetsi. Ndi nkhokwe yolowa kuwala kwa mthunzi, imene bungwe la International Potato Center, lomwe likulu lake lili ku Lima m'dziko la Peru, lakhala likulimbikitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo alimi ena a ku Dedza ndi Ntcheu akuidziwa kale. Imamangidwa ndi mitengo, nsungwi kapena bango ndi denga la udzu. Makoma amakhala a mipata kuti mphepo ndi kuwala zizilowa koma dzuwa lisaombe mbewu mwachindunji. M'kati mumakhala mathandala, ndipo mbatatesi imayalidwa mosapitirira mizere itatu kusanjikizana. Mu mdima mphukira imatalika, imayera, imathothoka ikangokhudzidwa. M'kuwala imakhala yaifupi ndi yolimba, ndipo mbewu imatha kudikira miyezi ingapo. Mbatatesi ya m'nkhokwe yotere imabiriwira khungu, zomwe ndi zabwino kwa mbewu koma zoipa kwa wodya, popeza yobiriwira imakhala ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa solanine. Apanso zikuoneka kuti yodya ndi yobzala zimasiyana njira kuyambira tsiku lokolola: ina imafuna mdima, ina kuwala.

Ndi zoona kuti kuuza mlimi kuti asatole mbewu pa msika n'kosavuta, pamene mbewu yovomerezeka ya mbatatesi siipezeka pa sitolo iliyonse ngati ya chimanga. Ndi yolemera, imaola, ndipo imachulukana pang'onopang'ono. Nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, mogwirizana ndi International Potato Center, yakhala ikuyeretsa ndi kuchulukitsa mbewu ku Bvumbwe ndi ku Bembeke, ndipo mu 2011 inatulutsa mitundu monga Thandizo, Chuma, Zikomo ndi Mwai, kuwonjezera pa Rosita ndi Violet zimene alimi anazolowera. Komabe mbewu yotereyi ikadali yochepa poyerekeza ndi ofuna. Pamene yovomerezeka palibe, chotsatira chake ndi mbewu yochokera kwa mlimi wodziwika, amene munda wake wogula anauona ukadali wobiriwira, kapena yosankha yekha m'munda mwake: kuzika timitengo pa zomera zathanzi zisanayambe kuuma, kuzikumba padera poyamba, n'kusunga mbatatesi yake. Alimi a ku Chigwirizano atagwirizana m'magulu angathe kuitanitsa mbewu pamodzi kuchokera kwa ochulukitsa a ku Dedza, kugawana mtengo wa galimoto, ndi kumanga nkhokwe imodzi ya gulu.

Kwa amalonda, nkhaniyi si yoletsa kusunga mbatatesi. Kusunga bwino kumachepetsa kuonongeka kwa chakudya ndipo kumathandiza kuti mtengo usamadumphedumphe. Mbatatesi yothiridwa mankhwala ovomerezeka, pa mlingo woyenera, ndi chakudya chololedwa m'mayiko ambiri. Chofunika ndi kutsata malamulo. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lili ku Bvumbwe, ndipo mankhwala alionse a zaulimi ayenera kulembetsedwa kumeneko asanalowe m'dziko kapena kugulitsidwa. Ufa wopanda dzina, womangidwa m'timapepala, woti umasunga mbatatesi, usagulidwe ndiponso usathiridwe pa chakudya. Lamulo la mbewu la 2022 nalonso limapereka zilango kwa ogulitsa mbewu yachinyengo. Wamalonda amene akudziwa kuti katundu wake anathiridwa mankhwala, kapena anagona m'chipinda chothiridwa, n'kutola zing'onozing'ono kumaziitanira kuti mbewu, akunamiza wogula. Chimene angachite n'chophweka: kuuza wogula poyera kuti iyi ndi yodya, kulekanitsa matumba ndi zipinda, ndi kufunsa amene akumuodetsa kuti katunduyo anakumbidwa liti ndiponso anasungidwa motani.

Mlimi amene wabzala kale ndipo milungu inayi yatha mizere ikadali ya mipata, afukule mapando angapo osamerawo, aike mbatatesiyo m'pepala kapena m'thumba latsopano, alembe tsiku limene anagula, msika wake ndi tsiku lobzala, n'kupita nazo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake. Mlangizi ndiye angasiyanitse kuola kwa matenda, mbewu yobzalidwa isanadzuke ndi mphukira zopunduka ndi mankhwala, ndipo pofunika kutero angatumize nkhaniyo ku nthambi yoona za mbewu ku Chitedze. Thumba limene mbewuyo inabweramo lisatayidwe, makamaka ngati lili ndi zolembedwa, ndipo mbewu ina isathiridwemonso.